Galu wanu sabwera mukamuitana? Yambani mwaona zimene zimamuchitikira akafika

Dandaulo la eni agalu ndi limodzi, kaya ndi ku Bembeke, ku Lobi kapena ku Mayani. Galu ali wamng'ono ankathamangira mwini wake akangomva dzina, koma lero akaitanidwa amangotembenuza mutu, kukuyang'anani, n'kupitiriza ulendo wake. Wina amabwera ndithu, koma amaima chapatali mchira uli pakati pa miyendo, ndipo mukatambasula dzanja amadumphira kumbali. Eni ake amati galuyo ndi wamwano, ena amati wazolowera nsima ya kwa aneba, ena mpaka amaganiza kuti wina anamudyetsa mankhwala. Tisafulumire. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo galu amene wasiya kubwera nthawi zambiri akungotsatira zimene pakhomo pomwepo anamuphunzitsa, ngakhale palibe amene ankadziwa kuti akuphunzitsa.

Mfundo imene imagwira ntchito apa ndi yakale. Mu 1898, Edward Thorndike, katswiri wofufuza za khalidwe la nyama wa ku America, anafalitsa zimene anapeza atatsekera amphaka anjala m'timabokosi tokhala ndi kachitseko kotseguka mphaka akaponda kapena kukoka kenakake, chakudya chili panja. Ulendo woyamba mphaka ankangokanda paliponse mpaka kutsegula mwangozi. Akamubwezeramo mobwerezabwereza, nthawi yotulukira inkafupika. Thorndike anaona kuti chimene nyama yachita n'kupeza zabwino imachibwereza, ndipo chimene sichinaipindulitse imachisiya. Katswiri winanso wa ku America, B. F. Skinner, anapitiriza ntchitoyi kuyambira m'ma 1930, poyamba ndi makoswe kenako ndi nkhunda, ndipo anasonyeza kuti nthawi imene mphotho yafikira ndi kachulukidwe kake zimasintha kwambiri khalidwe la nyama.

Ndiye musanayambe kukonza chilichonse, khalani pansi mukumbukire maulendo angapo apitawa pamene munaitana galu wanu iye n'kubwera. Chinatsatira n'chiyani? Pamakomo ambiri yankho limakhala ili: anamangidwa pa unyolo chifukwa kukubwera alendo, anathiridwa mankhwala a nkhupakupa, anasambitsidwa madzi ozizira a ku Dedza kuno, kapena anakwapulidwa chifukwa cha mazira amene anadya m'chikwere dzana. Nanga nsima? Nsima imangoponyedwa kuseri madzulo popanda kuitana aliyense, galu amaipeza yekha. Choncho dzina lake limamveka pokhapokha pakakhala zowawa, ndipo zokoma zimabwera popanda dzina. Galu wanzeru aliyense akhoza kusankha kukhala patali.

Kukwapula galu amene wabwera mochedwa ndiko kumawononga kwambiri, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa anthu ambiri amakana kumva zimenezi. Munthu ungamuuze kuti ndikukulanga chifukwa cha zimene unachita m'mawa, iye n'kumvetsa. Galu alibe njira yomvera zimenezo. Amalumikiza ululu ndi chinthu chomaliza chimene wachita, mkati mwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Tiyerekeze kuti galu wanu, Kambuku, waba nyama pa mbaula, wathawira m'munda wa mbatatesi, mwaitana mpaka mawu kusasa, kenako wabwera chokwawa, inu n'kumutsanulira ndodo. M'maganizo mwanu mwalanga kuba. Kwa Kambuku, kuba kunalipira bwino, nyama ili m'mimba, ndipo chimene chabweretsa ndodo ndi kubwera kwa inu. Mawa adzabanso, koma sadzabweranso. Kukwawa kuja ndi kugwetsa makutu, komwe timati akudziwa kulakwa kwake, ndi mantha chabe poona nkhope ndi mawu a mwini wake. Lamulo loyamba ndi louma koma silisintha: galu akafika kwa inu salangidwa, ngakhale wachedwa ola lathunthu, ngakhale mtima uli m'mwamba chotani. Mukafuna kumumanga kapena kumuthira mankhwala, musamuitane, mupiteni nokha pamene ali.

Kuyambiranso

Ngati dzina lake laipitsidwa kale, musalimbane nalo. Dzinalo lisiyeni likhale la masiku onse, ndipo posankha chizindikiro choitanira tengani chatsopano chimene galuyo sanachimvepo: mluzu wa kaimbidwe kena, kapena liwu lalifupi ngati "kuno". Mluzu ndimaukonda chifukwa sunyamula mkwiyo. Munthu wokwiya ndi wosangalala amaimba mluzu wofanana, pamene dzina limasintha malinga ndi mtima wa woitanayo.

Chachiwiri mufunika kachizindikiro kouza galu kuti apo wachita bwino, malipiro akubwera. Ophunzitsa nyama amagwiritsa ntchito kachitsulo kolira kuti "kete" kakadinidwa, ndipo Skinner analemba za njira imeneyi mu 1951 pofotokozera anthu wamba mmene angaphunzitsire galu kunyumba. Simufunika kukagula ku Lilongwe. Kuliza lilime m'kamwa kapena kunena "eya!" mwachidule, mofanana nthawi zonse, n'kokwanira. Poyamba liwulo silitanthauza kanthu kwa galu, muyenera kulipatsa tanthauzo: nenani "eya", kenako mupatseni kachidutswa ka chakudya, mudikire pang'ono, mubwerezenso, kokwana 15 kapena 20. Liwu liyambe, dzanja litsatire. Mukayamba ndi kupisa dzanja m'thumba, galu amayang'ana dzanjalo ndipo liwu salimva n'komwe. Mudzadziwa kuti wamvetsa akamati akamva "eya" makutu n'kuima, maso n'kukhala pa inu.

Wina anganene kuti izi ndi za agalu a azungu odya zam'chitini. Ayi. Bungwe la APOPO, lomwe linayamba ku Belgium mu 1997 ndipo limaphunzitsira nyama zake ku Morogoro m'dziko la Tanzania, limagwiritsa ntchito njira yomweyi pophunzitsa abwampini kununkhiza mabomba okwirira pansi. Bwampini akaima pamene pali fungo la bomba amamva kulira kwa kachitsulo, n'kupatsidwa nthochi kapena mtedza. Abwampini amenewa anathandiza pa ntchito yochotsa mabomba ku Mozambique, tsidya la malire lomweli, mpaka dzikolo linalengeza mu 2015 kuti lamaliza kuchotsa mabomba m'malo onse amene ankadziwika. Ena amanunkhiza makhololo n'kuzindikira TB. Palibe amene anakwapulapo bwampini kuti agwire ntchito imeneyi.

Tsopano phunziro lenileni. Chitani galu asanadye, osati atakhuta, pamalo opanda nkhuku, ana kapena agalu ena, mwina m'khitchini kapena kuseri kwa nyumba. Imani pafupi kwambiri, phazi limodzi kapena awiri. Imbani mluzu kamodzi. Akangotembenukira kwa inu nenani "eya", ndipo chakudya mumupatsire pafupi ndi miyendo yanu kuti azolowere kufika penipeni. Bwerezani kangapo, mphindi zitatu zakwana, mumusiye adakali ndi chilakolako. Kawiri kapena katatu pa tsiku ndi bwino kuposa ola limodzi Loweruka. Akamabwera mosazengereza onjezani mtunda pang'ono, kenako tulukani pabwalo, kenako kumunda. Musaonjeze mtunda ndi zosokoneza nthawi imodzi. Akalephera kawiri motsatizana, ndiye kuti mwathamanga, bwererani pamene ankakhoza. Ndipo nsima yake ya madzulo isamaponyedwenso mwakachetechete: imbani mluzu, afike, ndiye adye. Ili ndi phunziro laulere la tsiku ndi tsiku lomwe makomo ambiri amalitaya.

Za malipiro, ndikudziwa kuti usipa ndi ndiwo za ana ndipo sitingaupereke kwa galu ngati tili ndi nyanja kuseri. Koma simufunika wambiri. Kachidutswa kamodzi kakhale kochepa ngati njere ya nyemba. Usipa umodzi umathyoka katatu kapena kanayi, ndipo timitu ndi zinyenyeswa zotsalira pansi pa pepala ndi chuma kwa galu. Kunyumba, komwe kulibe chokopa, timibulu ta mkute topaka msuzi timakwanira. Kunja kumafuna zonunkhira: usipa, bonya, kachidutswa ka chiwindi chophika. Chotsani zimenezi pa gawo lake la tsikulo, sikuti mukuonjezera bajeti. Pewani zokhala ndi anyezi wambiri, mafupa a nkhuku ophika chifukwa amasweka n'kubaya m'matumbo, ndi chakudya chilichonse chochita nkhungu, kuphatikizapo madeya osungidwa ponyowa.

Pamene zimakanika

Vuto lofala ndi la galu amene amabwera pokhapokha akaona chakudya m'manja. Apa mwini wake wasandutsa mphotho kukhala nyambo. Chakudya chikhale chobisika m'thumba kapena pa denga la khitchini, manja akhale opanda kanthu poitana, ndipo chionekere galu atafika kale. Nthawi zina muonetseni usipa osamuitana n'komwe, n'kuubweza m'thumba, nthawi zina muitaneni mulibe kanthu, akafika muthamange naye kukatenga m'nyumba. Aphunzire kuti chimene chimalosera chakudya ndi mluzu, osati kuona nsomba.

Galu amene amamva pakhomo koma kunja amakhala ngati wogontha sanaiwale, ndipo sakukuderani. Agalu satenga msanga phunziro la pamalo amodzi n'kuligwiritsa ntchito pena. Kwa iye mluzu wa pakhonde ndi mluzu wa kudimba ndi zinthu ziwiri mpaka mutamusonyeza kuti ndi chimodzi. Pamalo atsopano aliwonse yambiraninso pafupi, ndi malipiro abwinopo. Apa ndi pamene chingwe chachitali chimathandiza, cha mamita 5 mpaka 10, chomangidwa pa lamba wofewa osati waya kapena chingwe chothina pakhosi. Ntchito yake si yomukoka kuti abwere, ndi yongoletsa kuti asapeze mphotho ina kwina pamene wakunyalanyazani.

Nanga mwaimba mluzu, iye osabwera? Musabwereze. "Kambuku! Kambuku! Iwe Kambuku!" kakhumi kumangomuphunzitsa kuti maulendo asanu ndi anayi oyamba ndi phokoso. Musamuthamangitsenso, chifukwa galu wa miyendo inayi simungamupeze, ndipo kwa iye ndi masewera okoma. Tembenukani muthawire kwina mukuomba m'manja, kapena khalani pansi ngati mwapeza chinthu m'udzu. Agalu ambiri amatsatira. Akafika mulipireni, ngakhale mwatuluka thukuta. Kenako dzifunseni chifukwa chake munaitana pamalo pamene anali asanakonzeke.

Tsopano uja woima chapatali, wozemba dzanja. Uyu ndi amene amavutitsa pa tsiku la katemera wa chiwewe, pamene alangizi a ziweto akhala pansi pa mtengo kudikira ndipo theka la mudzi likuzungulira nyumba kuthamangitsa agalu awo omwe. Waphunzira kuti dzanja likafika pakhosi, chotsatira ndi unyolo kapena ndodo. Muyenera kusintha tanthauzo la dzanjalo, ndipo zimatenga masiku. Yambani ndi kungotambasula dzanja osamukhudza, "eya", chakudya. Akasiya kubwerera m'mbuyo, khudzani paphewa kwa kamphindi, osati pamutu, chifukwa dzanja lochokera pamwamba limaopsa galu amene anamenyedwapo. Kenako khudzani lamba, kenako gwirani lamba kwa sekondi imodzi, ziwiri, zisanu. Sitepe iliyonse ilipiridwe, ndipo akaumitsa thupi, kunyambita milomo kapena kuonetsa zoyera za m'maso, mwapitirira, bwererani m'mbuyo. Akalira mokalipa musamulange, kulirako ndiye chenjezo lokutetezani kuti asakulumeni. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Ntchito imeneyi ichitidwe ndi munthu wamkulu, osati ana.

Chofunika kwambiri pa sitepe imeneyi ndi kumumasula. Mwa maulendo khumi amene mwamuitana n'kumugwira lamba, ambiri athere pomuuza kuti "pita" abwerere kumene anali. Katswiri wina, David Premack, anasonyeza m'ma 1950 ndi 1960 kuti chinthu chimene nyama ikufunitsitsa kuchita chingakhale mphotho ya chinthu chimene sikuchifuna kwenikweni. Ndiye mphotho si chakudya chokha. Galu amene akufuna kukasewera ndi anzake, muitaneni, afike, mumulole apite: masewerawo alipira mluzu wanu. Amene akulira kuti amasulidwe pa unyolo m'mawa, dikirani akhale chete kaye ndiye mumasule. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chifunga chatsika m'phiri la Dedza ndipo galu akunjenjemera pakhomo la khitchini, kumulola kugona pafupi ndi moto ndi malipiro oposa usipa. Imbani mluzu musanatsegule chitseko.

Pali funso limene limabwera nthawi zonse: ndidzakhala ndikuyenda ndi usipa m'thumba mpaka liti? Skinner ndi mnzake Charles Ferster anafalitsa mu 1957 zotsatira za kafukufuku wautali pa nkhunda, ndipo zinaoneka kuti nyama imene imalipidwa mwa apo ndi apo, mosadziwika kuti ndi liti, imalimbikira nthawi yaitali mphotho ikasowa kusiyana ndi imene inazolowera kulandira ulendo uliwonse. Ndi zomwe zimagwira anyamata obetcha mpira pa foni: kuwina kamodzi kumawabweza kakhumi. Koma pa nkhani ya kuitana, ine sindilangiza kusiyiratu kulipira. Kubwera kwa galu tsiku lina kudzapulumutsa moyo wake kapena mbuzi ya munthu, choncho kuyenera kukhala kotsimikizika. Masabata oyamba lipirani ulendo uliwonse. Akakhazikika, musinthe mtundu wa malipiro osati kuwachotsa: lero kamkute, mawa kumukanda kuseri kwa makutu ngati amakonda zimenezo, mkuja mutu wonse wa nsomba mosayembekezereka. Ndipo akabwera atasiya chinthu chachikulu, monga galu mnzake kapena fungo la kanyenya, pamenepo musaumire.

Mfundo yomweyi ili ndi mbali yake yoipa. Galu amene amapeza fupa pa dzala la aneba kamodzi pa sabata adzapitako tsiku lililonse, ndipo amene amakudumphirani ndi matope akafika n'kulandira chakudya nthawi zina adzadumphabe. Wodumphayo mulipireni miyendo yonse inayi ili pansi basi. Masiku oyamba adzadumpha kwambiri kuposa kale, ndi mmene khalidwe limachitira likasiya kulipidwa, limayamba lakula lisanazilale. Mukagonja pamenepo mwamuphunzitsa kudumpha mwamphamvu.

Ana a pakhomo angathe kugwetsa ntchito yonseyi pa tsiku limodzi poimba mluzu uja kosalekeza pongofuna kuona galu akuthamanga. Auzeni kuti aliyense woimba mluzu umenewu akhale ndi chopereka. Ndi bwino kuwalowetsa m'masewera: awiri kapena atatu aime motalikirana pabwalo, aziitana mosinthana, aliyense n'kulipira. Galu amaphunzira msanga, ndipo ana amasangalala.

Zimene usipa sungathe

Keller ndi Marian Breland, omwe anali ophunzira a Skinner n'kudzayamba bizinesi yophunzitsa nyama zachionetsero, analemba mu 1961 za nkhumba zimene anaziphunzitsa kunyamula tindalama tamatabwa kukaponya m'bokosi kuti zilandire chakudya. Zinkakhoza bwino kwa milungu ingapo, kenako zinayamba kugwetsa tindalamato pansi n'kumatifukula ndi mphuno monga nkhumba imafukulira nthaka, ngakhale kutero kunkachedwetsa chakudya chawo. Chibadwa chinaposa maphunziro. Agalu athu ambiri ndi mbewu ya osaka, makolo awo anakulira kuthamangitsa akalulu ndi agwape. Kalulu akadzambatuka pamaso pa galu wotero, mluzu sumveka. Nthawi yoitana ndi pamene waima, makutu ali chilili, asanayambe liwiro. Akayamba, sungani mpweya wanu.

N'chimodzimodzi galu wamphongo akamva fungo la galu wamkazi amene ali pa nyengo yofuna amuna, zomwe kwa agalu ambiri aakazi zimachitika pafupifupi kawiri pa chaka kwa masabata awiri kapena atatu. Masiku amenewo mutsekereni mumpanda, ndipo ngati simukufuna ana, funsani a vetenale za kuthena kapena kutseketsa. Galu wa miyezi 6 mpaka chaka ndi theka nayenso amadutsa nyengo yosamva, ngakhale amene ankakhoza bwino ali kamwana. Bwererani ku chingwe chachitali, idzadutsa. Ndipo kwa amene mumakhala m'mphepete mwa msewu wa M1, ku Linthipe, pa boma, mpaka ku Lizulu, musayese maphunziro anu pamene pakudutsa mathiraki. Pafupi ndi msewu galu akhale pa chingwe, kaya ndi womvera chotani.

Pomaliza penipeni pofufuza, onani thupi lake. Galu wokalamba akhoza kukhala kuti sakumvanso: ombani m'manja kumbuyo kwake asakuoneni, muone ngati makutu agwedezeka. Amene akupukusa mutu ndi kukanda makutu, kapena akutsimphina, kapena wafooka ndipo nkhama zake zayera, akufunika a vetenale osati maphunziro, chifukwa matenda obwera ndi nkhupakupa amatha magazi msanga. Koma galu amene wasintha mwadzidzidzi m'masiku ochepa, wofatsa n'kuyamba kulusa kapena wolusa n'kufatsa modabwitsa, akuchucha dovu, akulephera kumeza, akuluma mitengo ndi miyala, kapena akuyenda mosadziwa kumene akupita, musamuitane ndipo musamupatse chakudya ndi dzanja. Chikhoza kukhala chiwewe. Chotsani ana, mutsekereni ngati mungathe popanda kumukhudza, ndipo dziwitsani alangizi a ziweto. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala litaoneka laling'ono.